Zatheka: chilolezo chocheza ndi akaidi ku Maula

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingapezere chilolezo cha kafukufuku wa digiri yachiwiri, wokhudza akaidi obwereza milandu kundende ya Maula. Ndinatsata malangizo oti ndiyambire ku komiti ya NCRSH yomwe imaunika ndi kuvomereza kafukufuku wokhudza anthu, ku bungwe la boma loona za sayansi la NCST kuno ku Lilongwe, kenako kalata yawo ndiiphatikize pa pempho lopita kulikulu la ndende ku Zomba. Zonse ziwiri zatuluka.

Ndinapunthwa pa fomu yoti mkaidi avomereze: ndinailemba m'Chingerezi chokha, mapepala n'kubwerera. Imasulireni m'Chichewa, musiye malo odinda chala kwa osatha kulemba, ndipo munenemo momveka kuti kukana sikuwonjezera chilango. Tengani kope ndi bolopeni, foni musaidalire, imatsala pageti. M'kopemo mayina a akaidi ayi, manambala basi.