Chotupa pamphumi, mwendo ukukoka: ndiboole kapena nditumize?

Kliniko ofisa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndagoneka bambo wa zaka 41 madzulo ano. Mutu wakhala ukuwapweteka masabata 3, makamaka pamphumi, ndipo akawerama ululu umanyanya. Mphuno yakumanja inatseka, ikutuluka mamina achikasu onunkha. Masiku 5 apitawa pamphumi panayamba kutupa, pano chotupacho chafika masentimita 4, chofewa, ukachisindikiza chikumveka kuti muli mafinya. Sanagwe, sanamenyedwe. Anamwa kale amoxicillin sabata yathunthu kwina. Thupi latentha 37.8, BP 138/84, malungo palibe. Ndimati mawa ndingochitumbula ngati chithupsa, ndipo poti khosi lauma pang'ono, usiku uno nditenge madzi apamsana. Mukuona bwanji?

Dokotala wa mphuno ndi makutu: Achimwene, singano yapamsanayo ibwezeni kaye. Mpeninso dikirani nawo. Munthu amene mphuno yakhala ikutuluka mafinya, kenako n'kutupa pamphumi osamenyedwa, timayamba taganiza za Pott's puffy tumour. Dzinalo lisakusokonezeni, si khansa. Linachokera kwa Percivall Pott, dokotala wa maopaleshoni wa ku London amene anafotokoza matendawa m'zaka za m'ma 1760. Chimachitika n'chakuti matenda a mu frontal sinus, kamphako ka m'fupa pamwamba pa maso, amalowa m'fupa lenilenilo. Fupa likaola, mafinya amaunjikana pakati pa fupa ndi kachikopa kolikuta, n'kutukula khungu. Mukuonacho ndi chakunja chabe. Khoma lakumbuyo la sinus ndi lopyapyala kuposa lakutsogolo, ndiye ngati mafinya aboola kutsogolo, funso n'lakuti kumbuyo kuli bwanji.

Sisita wa wodi: Adokotala, ndilowererepo. Ndine ndawalandira bambowa. Pochoka pa wilitcheya kupita pabedi mwendo wakumanzere amachita kuukoka, sandasi inavuka osadziwa. Dzanja lili bwino. Akazi awo akuti kuyambira dzana angokhala duu, ukawafunsa amayankha patapita nthawi, ndipo dzulo anadzikodzera osachita nazo manyazi. Akuti amuna awo sali choncho, ndi munthu wolongolola.

Kliniko ofisa: Asisita, zamwendozo sindinazione, ndinawayeza atagona. Ndapitanso tsopano. N'zoona, mphamvu ya mwendo wakumanzere ndi 3 pa 5.

Dokotala wa maopaleshoni a ubongo: Zikomo asisita, mwatipatsa chimene chimasowa. Mwendo umodzi kufooka dzanja lili bwino, mbali yosiyana ndi mphuno yodwalayo, zikundipatsa maganizo a mafinya amene atsikira mumpata wapakati pa zigawo ziwiri za ubongo, motsatira falx, chikopa cholekanitsa zigawozo. Mbali ya ubongo yolamulira mwendo ili pomwepo. Ameneyo ndi subdural empyema, mafinya a pansi pa dura, chikopa cholimba chokuta ubongo, ndipo mwa zonse zimene matendawa amabala ndi amene ndimamuopa kwambiri. Mafinya akakhala pakati pa fupa ndi dura amayenda pang'onopang'ono chifukwa dura inamatirira kufupa. Akalowa pansi pa dura alibe chowatchinga, amafalikira pamwamba pa ubongo. Munthu amene mukucheza naye madzulo akhoza kukomoka mbandakucha.

Komanso sikuti fupa liyambe labooka ayi. M'kati mwa fupa la chigaza muli timitsempha ta magazi topanda mavavu, tolumikiza sinus ndi mitsempha ya pa dura. Magazi oundana okhala ndi tizilombo amayenda mmenemo chobwerera m'mbuyo. Ndiye mutha kupeza khoma lili bwinobwino koma m'kati muli mafinya, kapena mtsempha waukulu wa superior sagittal sinus watsekeka. Kukhala duu ndi kudzikodzerako kungakhalenso chithupsa mu frontal lobe, chigawo chakutsogolo cha ubongo, chithupsa chomwe chimakula mwakachetechete, chongosintha ndi khalidwe la munthu.

Madzi apamsana musatenge. Ngati muli mafinya opanikiza ubongo, mukatsegula kumunsi ubongo umakankhikira pansi, munthu n'kusiya kupuma. Ndipo madziwo nthawi zambiri satiuza n'komwe dzina la kachilombo.

Dokotala wachinyamata: Aphunzitsi, pepani ndifunse. Ife tinaphunzira kuti matendawa ndi a achinyamata. Komanso 37.8 yokha kwa munthu woti ali ndi mafinya m'mutu?

Dokotala wa mphuno ndi makutu: Amachulukadi mwa achinyamata, chifukwa pamsinkhu umenewo sinus imakhala ikukula ndipo magazi amayenda kwambiri m'timitsempha tija. Koma akuluakulu amadwalanso. N'chifukwa chake kwa wamkulu muzifunsa chimene chatsegula njira: shuga, HIV, mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, kuvulala pamphumi ngakhale zaka zapitazo, opaleshoni yakale ya sinus, kufwenkha cocaine. Za kutentha thupi, amoxicillin uja waphimba moto ndi phulusa, sanauzime. Musadalire thupi kutentha.

Kliniko ofisa: Ndamva. Makina a CT oonetsa za m'kati mwa mutu tilibe kuno. Ndijambule X-ray ya chigaza kaye? Ndiponso bwanji nditakoka mafinya pang'ono ndi sirinji kuti apite ku labu?

Wojambula: X-ray isakutayitseni nthawi bwana. Ikhoza kuonetsa sinus yodzaza, koma za m'kati mwa chigaza siinena kanthu. Pa fomu mulembe CT ya mutu ndi ma sinus, yokhala ndi contrast, mankhwala obaya pamtsempha kuti chithunzi chioneke bwino. Yopanda contrast imaphonya mafinya opyapyala a pa falx, ndipo tikapanda kuuzidwa timajambula wamba. Creatinine, zotsatira za kuyeza impso, abwere nayo ngati ilipo. Kumene kuli MRI, imeneyo imaona bwino koposa.

Dokotala wa mphuno ndi makutu: Kukoka ndi sirinji ine sindiletsa ngati n'kwa mphindi ziwiri, mafinya otengedwa mankhwala amphamvu asanalowe amathandiza labu.

Dokotala wa maopaleshoni a ubongo: Ine pamenepo ndisiyana nanu pang'ono adokotala. Ndaonapo chotupa chikaphwa aliyense mtima umakhala pansi, ulendo n'kuimitsidwa mpaka mawa. Tengani magazi a culture, okafufuzira tizilombo ku labu, ngati mabotolo alipo, yambani mankhwala, itanani ambulansi. Mafinya tikatenga tokha ku fiyeta.

Wa ku famase: Ceftriaxone 2 g pamtsempha maola 12 aliwonse, osati 1 g patsiku monga tinazolowera pa chibayo. Metronidazole 500 mg maola 8 aliwonse, chifukwa kawirikawiri mumakhala Streptococcus wa gulu la anginosus pamodzi ndi tizilombo tosafuna mpweya, ndipo kununkha kuja n'kwa timeneti. Vancomycin awonjezere ngati pali nkhawa ya MRSA, kachilombo kosamva mankhwala ambiri. Chonde gentamicin musamuwerengere, salowa bwino mu ubongo, ndipo m'mafinya sagwira ntchito mokwanira.

Dokotala wa maopaleshoni a ubongo: Panjira mutu ukwezedwe madigiri 30, asadye kanthu, apite ndi nesi osati gadiyani yekha. Diazepam akhale pafupi, empyema imagwetsa khunyu kawirikawiri, ndipo ngati muli ndi phenytoin kapena levetiracetam yambitsani. Nesi aziona GCS, muyeso wa kutsitsimuka kwa wodwala umene pamwamba pake ndi 15, komanso maso mphindi 15 zilizonse. BP ikamakwera kugunda kwa mtima kukutsika, kapena mwanadiso mmodzi akakula, mannitol, wochepetsa kupanikizika m'mutu, alowe ndipo mundiimbire.

Kliniko ofisa: Mankhwala alowa 9:40. HIV alibe. Koma shuga ndi wokwera, 19 mmol/L, ndipo eni ake samadziwa. Anyamuka 10:15 ndi asisita, GCS 14.

Dokotala wa maopaleshoni a ubongo: Mwadzuka bwanji nonse. CT yaonetsa sinus yakumanja yodzaza, khoma lakutsogolo ladyeka, lakumbuyo lili lonse, koma mafinya ali pansi pa dura kumanja ndi motsatira falx. Tatsegula chigaza, osati kungoboola timabowo, chifukwa mafinya apakatipo satuluka bwino pa bowo. Anzathu a mphuno atsuka sinus nthawi yomweyo ndi kupala fupa lowola, apo ayi mafinya akanabwereranso. Adzuka, akudziwa akazi awo, mwendo sunabwerere.

Sisita wa wodi: Akabwerera kwathu tiziwabaya mpaka liti adokotala? Mitsempha yawo ndi yovuta kale.

Dokotala wa maopaleshoni a ubongo: Masabata 6 mpaka 8, malinga ndi CRP, muyeso wa m'magazi woonetsa mmene matenda akuyendera, ndi chithunzi chobwereza. Tiwaika kachubu kokhalitsa pamtsempha asanachoke kuno, insulin tayamba, ndipo a fizo, othandiza kulimbitsa ziwalo, awaona mawa. Mutu ukadzayambiranso kupweteka kapena akadzayambanso kugona kwambiri, musadikire tsiku la kliniki, abwere tsiku lomwelo.