Mnyamata wa 70 kg: bench yaima, phewa likupweteka, sikelo siikusuntha

Kochi_Ndirande

Akuluakulu, thandizeni maganizo. Pali mnyamata wa zaka 23, wolemera 70 kg, wanyamula zitsulo miyezi 5. Bench press, kukankha chitsulo atagona chagada pa benchi, yaima pa 50 kg kwa masabata 6, thupi silikuwonjezeka, ndipo tsopano akudandaula kutsogolo kwa phewa lamanja akamatsitsa chitsulo pachifuwa. Pepala lomwe akutsatira analitenga pa intaneti. Lolemba ndi Lachinayi ndi chifuwa: bench ya flat 5x10 (ma set 5 a ma rep 10, ndiye kuti kukankha ka 10 n'kupuma, mpaka kasanu), incline 4x10, decline 4x10, flyes 4x12, dips ma set 3, ndipo pansi pake palembedwa kuti set iliyonse ifike pa failure. Msana ndi kamodzi pa sabata, miyendo ndi tsiku lomwe wakonda. M'mawa amamwa tiyi ndi buledi, nsima kawiri. Akufunsa ngati agule whey kapena mass gainer, ufa womwa wonenepetsa thupi. Tiyambire pati?

Madala_Zitsulo

Achimwene, yambani mwawerenga ma set. Ndi 20 patsiku, 40 pa sabata, onse a chifuwa chokha. Munthu wa miyezi 5 amakula bwino ndi ma set 10 mpaka 12 pa sabata pa mnofu umodzi, ndipo ngakhale akale pa zitsulo kawirikawiri sapitirira 20. Mnyamatayo sakupuma mokwanira kuti minofu imangike.

Kenako mufunseni kuti mawu akuti failure amawamva bwanji. Ambiri amaganiza kuti ndi kukankha mpaka wina adzakuchotsere chitsulo pachifuwa. Chomwe timafuna ife ndi technical failure, kutanthauza rep yomaliza imene ungachite thupi lisanayambe kupindika, matako asananyamuke pa benchi. Pa bench, squat ndi deadlift asamafike n'komwe pamenepo. Mumuphunzitse RIR, chiwerengero cha ma rep omwe akanatha kuwonjezera koma wawasiya. RIR 2 ndiye kuti waima akadali ndi mphamvu ya ma rep awiri.

Pepala latsopano likhale lalifupi. Bench ma set 3, ma rep 8 mpaka 12, RIR 2, kupuma mphindi 2 kapena 3. Akafika pa 12 pa ma set onse atatu, awonjezere 2.5 kg n'kubwerera pa 8. Progressive overload ndi imeneyi basi, ndipo azilemba m'kabuku tsiku lililonse, apo ayi mudzangotsutsana kuti sabata yatha ananyamula zingati.

Fizio_Lilongwe

Ndigwirizane ndi madala, koma phewalo lionedwe kaye asanalembe pepala lina. Musiyanitse DOMS ndi kuvulala. DOMS ndi kuphwanya kwa mnofu komwe kumakula pakati pa maola 24 ndi 72 munthu atachita masewera, kumamveka mnofu wonse, ndipo kumachepa akatenthetsa thupi. Ululu wobaya pamalo amodzi oti akhoza kuloza ndi chala, wobwera pa rep iliyonse, si DOMS.

Kutsogolo kwa phewa kuli mnofu wa anterior deltoid, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa mutu wautali wa biceps. Mkati muli rotator cuff, timinofu tinayi togwira mutu wa fupa la mkono kuti usatuluke m'malo mwake: supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Timinofu timeneti ndi tating'ono, ndiye timatopa msanga kuposa chifuwa. Tikatopa munthu n'kumakankhabe, mutu wa fupa umasendera kutsogolo ndipo mitsempha ija imapanikizika.

Muimirire kumutu kwake akamachita bench, muone zigongono. Zikatambasuka molunjika ndi mapewa, madigiri 90, vuto lili pomwepo. Zikhale pakati pa madigiri 45 ndi 70 kuchokera ku nthiti. Scapula, fupa lathyathyathya la kumbuyo kwa phewa, aikokere kumbuyo ndi pansi asanachotse chitsulo pa rack, ndipo ikhale choncho mpaka set ithe. Chitsulo chifike pamunsi pa chifuwa, osati pafupi ndi khosi.

Kwa masabata awiri kapena atatu achotse dips ndi flyes, chifukwa zonsezi zimakoka phewa mpaka kumbuyo likunyamula katundu. M'malo mwake achite floor press, kukankha atagona pansi, kapena dumbbell press zikhatho zikuyang'anana, pa kulemera kosapweteka. Awonjezere masewera okoka a row ndi face pull, komanso external rotation, kutembenuzira mkono kunja ndi lamba wa labala, 3x15. Ma set okoka asachepere ma set okankha.

Ululu ukamamudzutsa usiku, akamalephera kukweza mkono, kapena dzanja likachita dzanzi, imeneyo si ntchito ya pa jimu. Apite ku physiotherapy, ku Queen Elizabeth ilipo poti muli ku Blantyre.

Kochi_Ndirande

Zigongono amatambasuladi. Nanga za whey ndimuuze chiyani? Ndalama yake ndi yochepa.

Mayi_Zakudya

Asagule kaye, achimwene. Whey ndi puloteni wochokera ku mkaka, sikupu imodzi imapereka magalamu 20 mpaka 25, zomwe mazira anayi amaperekanso. Mass gainer yambiri ndi shuga wa maltodextrin wodula. Ndalama imeneyo ipite ku msika.

Womanga minofu amafunika magalamu 1.6 mpaka 2.2 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Pa 70 kg ndi 112 mpaka 154 g. Ndi tiyi, buledi ndi nsima ya ndiwo zochepa, n'kutheka kuti sakufika ngakhale theka.

Tsiku likhoza kuyenda motere. M'mawa mazira atatu, 18 g, ndi phala la nsinjiro. Masana nsima ndi usipa wouma 50 g, womwe umapereka pafupifupi 30 g. Madzulo soya pieces 60 g, kuyeza asanaviike m'madzi, pafupifupi 28 g, koma aone pa paketi chifukwa makampani amasiyana. Mkaka kapena chambiko 500 ml ndi 16 g, mtedza wokazinga 50 g ndi 13 g. Apa tafika kale pa 105 g tisanawerengere nsima ndi nyemba. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: amayeza soya kapena nyemba zitaphikidwa n'kugwiritsa nambala ya zouma. Nyemba zouma zili ndi 21 g pa 100 g, zophika 8 kapena 9 g basi, chifukwa zamwa madzi.

Sikelo kuti isunthe pafunikanso calorie surplus, kudya mopitirira pang'ono zomwe thupi likuwotcha, ma calorie 300 mpaka 500 patsiku. Mtedza umathandiza kwambiri apa, 100 g ili ndi ma calorie oposa 550. Azikwera sikelo m'mawa asanadye, katatu pa sabata, ndipo muzitenga avereji. Kuwonjezera 200 mpaka 350 g pa sabata n'kokwanira. Kilogalamu yathunthu sabata iliyonse ndiye kuti ambiri ndi mafuta.

Big_Kawale

Mayi, anyamata kuno amakana soya, amati imameretsa mabere.

Mayi_Zakudya

Mbale ya soya patsiku siichita zimenezo. Mnyamata wa pa jimu mabere akatupa, gynecomastia, funsani kaye ngati sakubaya kapena kumwa ma steroid, chifukwa thupi limasandutsa testosterone wochuluka kukhala estrogen. Ameneyo apite kwa dokotala.

Ngati ndalama yatsala, chogula chanzeru ndi creatine monohydrate, ufa wothandiza mphamvu za minofu, 3 mpaka 5 g tsiku lililonse, ngakhale tsiku lopuma. Loading, kuyamba ndi 20 g patsiku, siyofunika, 5 g imafika pomwepo pakatha pafupifupi mwezi. Muchenjezeni kuti kilogalamu yoyamba idzakhala madzi olowa m'minofu, asaiwerengere ngati mnofu. Ngati ali ndi vuto la impso, asayambe asanaonane ndi dokotala.

Madala_Zitsulo

Chinanso, a Kochi. Ngati pa jimu panu pali mapuleti a simenti kapena owotcherera, ayezeni pa sikelo mmodzimmodzi, mulembe kulemera kwake ndi penti. Olembedwa 10 kg wina amakhala 9, wina 11, ndipo phewa la mbali yolemera ndi lomwe limavutika. Muyezenso chitsulo chapakati: cha Olympic ndi 20 kg, koma chopangidwa ndi paipi chimapepuka kwambiri, ndiye 50 kg ijayo mwina si 50. Akabwerera pa bench ayambire pa 40 kg yoyezedwa, mapuleti ofanana mbali zonse.