Vezel, X-Trail kapena Rush: ya mtauni ndi kumudzi komwe ndi iti?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuitanitsa galimoto yokwera pang'ono kuchokera ku Japan. Masiku ambiri ndi mu Lilongwe mommuno, koma kamodzi pamwezi ndi ulendo wa kumudzi ku Ntchisi, komwe makilomita omalizira ndi a fumbi, ndipo dzinja likafika ndi matope okhaokha. Maso ali pa Honda Vezel hybrid, Nissan X-Trail ndi Toyota Rush. Ndisankhe iti?

Makanika wa ku Biwi:
Bwana, yambani mwayang'ana giyabokosi, maonekedwe abwere pambuyo. Vezel ilipo mitundu iwiri. Ya hybrid ya mtundu woyamba (2013 mpaka 2021) ili ndi giyabokosi ya ma clutch awiri, ya magiya 7, ndipo ma clutch akewo ndi ouma, sasambira mu oyilo. Pa mdipiti wa magalimoto, kapena pokwera chitunda choterera mukuponda n'kusiya, amatentha n'kuyamba kunjenjemera ponyamuka. Zoyambirira, za 2013 ndi 2014, zinaitanidwanso ku Japan chifukwa cha giyabokosi yomweyi. Chokankha ma clutchwo chimayendera brake fluid ya DOT 4, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti imafunika kusinthidwa. Ngati mtima wakakamira pa Vezel, tengani ya petulo yokha, ya 1.5 ya CVT (giyabokosi yoyendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya), muziithira oyilo wa giyabokosi wa HCF-2 basi.

Wogulitsa zipangizo:
Powonjezera apo, ma Vezel ambiri amabwera opanda sipeya, amangoika kabotolo komatira tayala ndi kapampu. Mwala ukang'amba tayala m'mbali, kabotoloko sikathandiza. Mugulire limodzi tayala lachisanu ndi jeke.

Makanika wa ku Ndirande:
Pa msewu mwanenawo, ine ndikuti Rush. Injini yake ndi 3SZ-VE ya 1.5, ya tcheni osati lamba, giyabokosi ndi otomatiki wamba ya magiya 4 yomwe makanika wapaboma amaidziwa. Pansi pali mpata wa masentimita 20, ndiye mtumbira wa pakati pa msewu suigunda msanga. Ya 4WD ili ndi batani la diff lock, lokakamiza matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azizungulira limodzi: mulidinize pofika pamatope, mukakwera phula mulichotse, apo ayi mudya matayala ndi kuvutitsa transfer, kabokosi kogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Zoipa zake musabisidwe: ndi yopapatiza, imadumpha pa mabampu, ndipo pa M1 injini imalira kwambiri mukafika pa 100. Kupitirira thiraki kumafuna mpata wautali.

X-Trail ndi yotakasuka, ya 2.0, koma nayo ndi ya CVT. Mukatitimira n'kumangoponda moto, oyilo amatentha, lamba wachitsulo m'kati amaterera. X-Trail yakale, ya T31, imafuna oyilo wa giyabokosi wa NS-2; yotsatira, ya T32, imafuna wa NS-3. ATF, oyilo wa otomatiki wamba, amaipha.

Wofunsa:
Zikomo akulu. Nanga Mazda CX-5 ya dizilo yomwe ena akuitama?

Makanika wa ku Biwi:
Pa maulendo afupiafupi a mtauni, isiyeni. Sefa yake ya mwaye, DPF, imadziyeretsa injini ikatentha paulendo wautali. Mukamaizimitsa isanamalize, dizilo amatsikira mu oyilo. Mukasolola dipstick mupeza oyilo wakwera kuyandikira pa chilembo X, wapyapyala, akununkha dizilo. Turbo ndi ma bearing ndizo zimalipira.

Wothandiza kuombola magalimoto:
Musanatumize ndalama, pemphani auction sheet, chikalata cha kumsika wa magalimoto ku Japan chofotokoza mmene galimotoyo ilili: giredi R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo makilomita olembedwapo afanane ndi a pa dashibodi. Msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye uwerengetseni isanakwere sitima ya ku Dar es Salaam, osati ili kale pa Songwe.