Kampani yaikulu yatenga kolasi yanga, ndikasume?

Woyimba wa pa Kamwendo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Chaka chatha nditagulitsa soya ndinakajambulitsa nyimbo yanga ku situdiyo ina pa boma. Inayenda pa WhatsApp mpaka ku Chipata. Tsopano mlamu wanga wanditumizira vidiyo: kampani ina yaikulu yatulutsa nyimbo ya woyimba wake, koma kolasi ndi yanga yeniyeni, angosintha mawu awiri atatu. Ndi gitala woyambirira yemwe atenga. Ndawalembera, ali zii. Zikundiwawa chifukwa kolasiyo ndinapekera malemu mayi anga. Ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi muno, sindinalembetse. Kodi munthu wamba ngati ine angawine mlandu ndi anthu a ndalama chonchi?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Pepani achimwene. Kusalembetsa sikukulandani umwini ayi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo pongoti mwaipeka ndi kuijambula. Chomwe khoti lidzafune ndi umboni woti inu ndinu munayamba. Thamangirani kusitudiyoko lero lomwe, mukakopere mafayilo onse mu kompyuta, aja osasakaniza, mawu paokha gitala payekha, chifukwa amaonetsa tsiku. Mauthenga omwe munkatumizira anzanu nyimboyo musafufute. Komanso funso langa: biti anapanga ndani, ndipo munagwirizana zotani? Ngati ndi ya pulodyusa, nayenso ali ndi gawo lake.

Gogo wa magalamafoni, Mkanda:
Mwana wanga, n'zotheka, koma mtima uleze. Solomon Linda anajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939, ku kampani ya Gallo, n'kupereka umwini wake pa ndalama zochepa zedi. Nyimboyo inawoloka nyanja, n'kusanduka The Lion Sleeps Tonight, mpaka inalowa mu filimu ya kampani ya Disney yotchedwa The Lion King. Mwiniwake anamwalira mu 1962 ali wosauka. A banja lake anasumira Disney mu 2004, ndipo mu 2006 nkhani inathera kunja kwa khoti, banja n'kuyamba kulandira. Chinawapulumutsa ndi lamulo lakale la Britain la 1911, loti pakatha zaka 25 wopeka atamwalira, umwini ubwerere kwa olowa chuma chake. Mbale ya 1939 ija inalipo, dzina lake lili pomwepo. Tsono akabwera ndi envulopu ndi chipepala, usasaine wekha. Ndikunena izi chifukwa njala imasainitsa munthu zinthu zodzalira nazo.

Mayi wa kwaya, Kasungu boma:
Agogo anena zoona, koma mumvenso mbali inayo. Ku America, Marcus Gray, woyimba rapu ya uzimu, anasumira Katy Perry mu 2014 pa nyimbo ya Dark Horse. Mu 2019 anawina madola pafupifupi 2.8 miliyoni. Mu 2020 woweruza anathetsa chigamulocho, ndipo apilo yake inakanidwa mu 2022. Chifukwa chake? Akuti kamayimbidwe komwe ankalimbirana ndi kofala, aliyense atha kukagwiritsa ntchito. Ndiye inu musadalire gitalayo kwambiri, popeza magitala athu ambiri amafanana. Mphamvu yanu ili pa kolasi, mawu ndi chuni pamodzi. Yambani ndi ku COSOMA ku Lilongwe, kenako kalata ya loya. Ngati m'thumba mwauma, kafunseni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Ndipo chonde musawatchule akuba pa Facebook, angakusumireni ndi inu.

Woyimba wa pa Kamwendo:
Zikomo nonse. Biti ndinapanga ndekha pa gitala, pulodyusa anangojambula, ndipo mafayilo akuti alipo. Koma risiti sanandipatse, ndinalipira pa foni. Kodi uthenga wa malipirowo ungakhale umboni?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Eya, usungeni, ndipo muupulinte. Mupemphenso pulodyusayo alembe kalata yofotokoza tsiku lomwe munajambula, asaine, muitenge popita ku Lilongwe.