Mwana wapeza 49.6, Excel ikuti walephera

Mphunzitsi wa Economics ku yunivesite: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Magiredi akufunika ku dipatimenti Lolemba. Mwana wina CA (malikisi a ntchito za mkati mwa semesita) ali ndi 21.4 pa 40, mayeso 47 pa 100, kutanthauza 28.2 pa 60. Zonse 49.6. Pa sheet pakuoneka 50 koma ku remarks kwalemba FAIL. Kwathu kukhoza ndi 50. Ndimutumize ku sup (mayeso obwereza) chifukwa cha 0.4? Chikundiwawa n'chakuti essay yake ya pa mayeso ndinaichonga usiku ndi tochi ya foni, ndinampatsa 12. Lero ndaiwerenganso ndikuona 13. Malikisi amodziwo akumufikitsa pa 50.2.

Wa Stats: Excel yangobisa ma decimal achimwene, pansi pake ikadali 49.6 ndipo formula ya IF yolemba FAIL ija ikuwerenga imeneyo. Ikani ROUND pa total yokha, ngati malamulo anu akulola. Osapanga round CA payokha, mayeso payokha. 21.5 ndi 27.5 ndi 49, koma mukatero ikhala 22 ndi 28, mwana wakhoza osadziwa.

Mkulu wa Chemistry: 49.6 si 50. Apite ku sup.

Madam wa Education: A Dokotala, kwanuko yankho limakhala limodzi. Essay ndi nkhani ina. Ife chaka china tinagawana mapepala awiriwiri, pepala lomwelo ine 54, mnzanga 63, marking guide imodzimodzi. Anabwera external (wochonga wochokera kunja) n'kupereka yakenso. Ndiye 0.4 mukuti ikuyeza chiyani? Ngakhale MANEB pa setifiketi ya MSCE imangolemba 1 mpaka 9.

Mkulu wa Chemistry: Malire amakhalapobe Madam, pakati pa 8 ndi 9 wina amagwa. Lero mukweza wa 49.6, mawa wa 48.9 ali pakhomo ndi amalume ake.

Wa Law: Chenjerani apa. Musasinthe 12 uja mwakachetechete, pepala likaoneka lofufutidwa pa moderation (pomwe ena amaunikanso machongedwe) mudzafotokoza mpaka thukuta. Ana amauzana zonse, ndipo akakhala mtsikana mukudziwa zomwe anthu adzanene. Ngati mukuwerenganso, werenganinso onse a 48 ndi 49, wina achongenso, HoD (mkulu wa dipatimenti) asayine.

Wa Economics: A 48 ndi 49 alipo 17, kalasi ya ana 240. Lolemba ndi mkuja.

Madam wa Education: Komanso musaiwale ena ali pa ngongole ya boma, kwawo ndi kutali. Kubwerera ku Lilongwe kudzalemba sup ndi thiransipoti, malo ogona, chakudya.

Mkulu wa Chemistry: Chifundo chinapha nkhwali. Ife tinkawidwa (kuchotsedwa sukulu) ndi malikisi amodzi, palibe anatilirira. 49.6 si 50.

Wa Stats: Ana 240 muli nokha? Mulibe tutor?

Wa Economics: Anasiya, ndalama zake za semesita yatha sanalandirebe.

Wa Law: Kodi za part-time zija kwanu zinatuluka? Ife mafomu tinasayina mu Epulo.