Mwana wanga wasiya netibolo chifukwa cha Caitlin Clark, kodi ndiyedi katswiri wa basketball wa chaka chino cha 2024?

GD Wakale wa ku 25

Odi kuno abale. Ine ndine wa ntchemberembaye, ndinasewera GD kuyambira ku pulayimale mpaka bondo litandikana, ndiye za basketball ndine mlendo. Chandibweretsa ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3. Mwanayu ndi wamtali, anatengera kwa bambo ake, ndipo mumtima ndinali nditamuveka kale yunifolomu ya ma Queens ngati Mwawi Kumwenda. Koma chiyambire June za netibolo sakufunanso kumva. Madzulo alionse akundilanda foni n'kumaonera timavidiyo ta mtsikana wa ku America dzina lake Caitlin Clark, bandulo ya sabata ikumatha masiku awiri. Ndowa yanga yochapira anaiboola pansi n'kuikhomera pa mtengo wa mango, ndipo khoma la kuseri lada bii ndi zidindo za mpira. A landilodi sanalionebe.

Lolemba lapitali anandidzutsa 2 koloko usiku kuti tionere gemu yomaliza ya WNBA, ligi ya basketball ya akazi ku America, New York Liberty ndi Minnesota Lynx. Ndinadzuka, ndinafunda chitenje, tinakhala pa mkeka kafoni titakatsamiritsa ku fulasiki. Ndinadikira Clark uja, osamuona. Pofunsa akuti timu yake, Indiana Fever, inatuluka kalekale. Amene anandigwira mtima ine ndi nambala 24 wa Minnesota, Napheesa Collier. Mapazi a mayi ameneyu ndi a munthu wa netibolo: amaponda, n'kutembenuka, womutchinga n'kupitirira yekha ngati minibasi yopanda mabuleki. Ataluza ndinadandaula ngati ndi timu ya kwathu. Mwana uja kusukulu anapita maso ali psuu.

Ndiye inu odziwa ndiuzeni. Clark ameneyu ndiyedi woposa onse, kapena ndi phokoso la pa intaneti chabe? Ngati mwanayu watsimikizadi, azionera ndani kuti aphunzirepo kanthu?

Mlonda wa ku Kanengo

Amayi, apa mwafika pakhomo. Ine ntchito yanga ndi ya usiku, ndiye nthawi imene iwo akuyamba masewera ku America ine ndimakhala ndili maso kale, kwangotsala kulimbana ndi udzudzu. Sizoni imeneyi ndaitsatira kuchokera May mpaka pano.

Mu 2024 ligiyi inali ndi matimu 12, iliyonse inasewera magemu 40, kenaka asanu ndi atatu apamwamba analowa m'ndime yochotsana. Woposa onse chaka chino si Clark, si Collier wanuyonso ayi. Ndi A'ja Wilson wa Las Vegas Aces. Anamusankha kukhala MVP, ndiye kuti katswiri wa sizoni yonse, ndipo ovota onse anamuika pa nambala wani, panalibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Aka kanali kachitatu, analandiranso mu 2020 ndi 2022. Pa gemu iliyonse amamwetsa mapointi pafupifupi 27, ndendende 26.9, zomwe sizinachitikepo chiyambire ligiyi mu 1997. Ndiye woyamba kudutsa mapointi 1,000 mu sizoni imodzi. Ma rebound, ndiye kuti mipira yotola wina akaphonya ring'i, anatola 451, imeneyonso ndi mbiri yatsopano. Kutchinga mipira ya adani m'mwamba, nambala wani ndi yemweyo. Ndi wamanzere, ndiye akakutembenukira umakhala watchinga dzanja lolakwika.

Simunamuone mu fayinolo chifukwa Liberty inawatulutsa mu semifayinolo magemu atatu kwa imodzi. Aces inatenga chikho 2022 ndi 2023, chaka chino anzake ena anaoneka otopa, mayiyu n'kumasenza timu yonse yekha. Munthu mmodzi sanganyamule denga.

Point Guard wa ku Mchesi

Madala a ku Kanengo manambala mwanena zoona, koma Clark musamuchepetse choncho. Wilson ali mu ligi kuyambira 2018, Clark wangochoka ku koleji ya Iowa mu April mommuno. Fever inaluza magemu 8 mwa 9 oyamba, anthu n'kumati kamtsikanaka kapezana ndi akuluakulu tsopano. Pomaliza anapambana 20 kuluza 20, n'kulowa m'ndime yochotsana koyamba chichokere 2016. Connecticut Sun ndi imene inawatulutsa, magemu awiri kwa duu.

Ma assist, ndiye kuti mapasi obala basiketi, anapereka 337, kufikira 2024 panalibe anafikapo pamenepo. Gemu imodzi yokha ndi Dallas Wings mu July anapereka 19. Wosewera watsopano woyamba kupanga triple-double ndi iyeyu, ndipo anapangira Liberty yomweyi yatenga chikhoyi. Matimu ena amachita kusamutsa gemu kupita ku mabwalo akuluakulu Fever ikamabwera, ku Washington kunalowa anthu opitirira 20,000. Mchemwali wathu wa Fomu 3 uyo WNBA akanaidziwira kuti popanda Clark? Inunso mayi mukanadzuka 2 koloko?

GD Wakale wa ku 25

Mwanawe apo wandigwira pakamwa, sindikanadzuka. Koma triple-double ndiye chiyaninso?

Point Guard wa ku Mchesi

Kufika 10 pa zinthu zitatu gemu imodzi mayi: mapointi, ma rebound ndi ma assist.

Aphunzitsi a ku Kawale

Achemwali, ine ndimaphunzitsa atsikana masewerawa pa kabwalo ka simenti kuno kwathu, ndiye ndiyankhe funso lanu lachiwirilo, chifukwa loyambalo a ku Kanengo alitha: katswiri wa chaka ndi Wilson, wachiwiri pa mavoti anali Collier, Clark anatenga ya wosewera watsopano.

Vuto la timavidiyo ta Clark ndalionera pa ana anga omwe. Timaonetsa mpira umene waponyera patali pafupi ndi pakati pa bwalo n'kulowa. Sitionetsa mipira imene anataya, ndipo anataya 223, nayonso ndi mbiri ya ligi. Sindikumunyoza, munthu wopereka mapasi olimba mtima amataya ndithu. Koma chichitikire zimenezi mwana aliyense wa zaka 14 akangogwira mpira akuthamangira kunja kwa mzere wa mapointi atatu. Mphamvu alibe, ndiye amaukankha kuchokera pachifuwa ndi manja onse awiri, chigongono chili uko, mpira n'kukagwera m'chimanga cha eni ake. Chizolowezi chimenecho chikakhazikika, kuchichotsa ndi chaka chathunthu. Clark yemweyo chimene ndimafuna ana aone ndi maso ake. Akangotola mpira kumbuyo mutu uli kale m'mwamba, waona mnzake Aliyah Boston kapena Kelsey Mitchell akuthamanga, mpira wanyamuka. Zimenezo mwana atha kuphunzira ngakhale pa fumbi.

Tsono diso lanu la GD silinakunamizeni. Collier ndi amene anasankhidwa kukhala wotchinga bwino kuposa onse chaka chino. Si wamtali kwambiri poyerekeza ndi amene amalimbana nawo, Jonquel Jones wa Liberty amamuposa kutalika koonekeratu, koma amafika pamalo mnzake asanafike. Akakhala ndi mpira pansi pa ring'i sathamanga. Phazi limodzi amalikhomera pansi, linalo n'kumazungulira, kunamiza kamodzi, kawiri, mdani akadumpha iye n'kudutsa mmunsi. Ndi phazi lomwe lija munkaimbidwira wezulo ku netibolo mukalikoka. Atsikana amene amabwera kwa ine kuchokera ku netibolo ndimawalandira ndi manja awiri chifukwa cha chimenechi: kuponda amadziwa, kudumphira mpira amadziwa, kuwerenga pasi ya mdani amadziwa. Chimene amasowa ndi kudunda mpira, makamaka ndi dzanja lamanzere, komanso kuzolowera kugundana. Ku netibolo munazolowera kutalikira mapazi atatu, kuno munthu amakutsamira ndi phewa.

Mwana wanu poti ndi wamtali, muonetseninso Angel Reese wa Chicago Sky. Nayenso ndi watsopano, kuponya kwake kukadali kosapsa, mipira yapafupi amaphonya yambiri mpaka kukwiyitsa. Koma pa ma rebound amatola 13 pa gemu, kuposa wina aliyense, ndipo anapanga ma double-double (kufika 10 pa zinthu ziwiri) 15 motsatizana asanavulale dzanja mu September. Rebound safuna nsapato zodula kapena bwalo la matabwa. Amafuna kuika thupi pakati pa mdani ndi ring'i, basi. Mtsikana wotola ma rebound palibe kochi wa kuno ku Lilongwe angamukhazike pa benchi.

Ndiye musamuletse Clark, ameneyo ndiye wayatsa moto. Koma muzimuuza kuti pa kavidiyo kamodzi ka Clark azionera kota yathunthu ya Collier, osatsatira mpira, kungoyang'ana mapazi. Ndipo akapezeke ku bwalo la ABC tsiku limene atsikana a Bravehearts akusewera, aone anthu enieni akutuluka thukuta. Pa foni zonse zimaoneka zophweka.

Za gemu ya Lolemba ija ndisayambe, mtima ukadali kuwawa. Kutatsala masekondi asanu Minnesota ikutsogola 60 kwa 58, refa n'kuimbira Alanna Smith wa Minnesota faulo pa Breanna Stewart wa Liberty. Ine ndabwereza kavidiyoko kambirimbiri, faulo sindikuiona, ndipo Stewart anayamba wayenda ndi mpira asanadumphe. Kochi wawo Cheryl Reeve ananena poyera kuti aberedwa.

Liberty Mpaka Kale, Area 47

Aphunzitsi, ulemu wanu, koma apo pokha ayi. Faulo ija anakaionanso pa kanema Minnesota itadandaula, chigamulo sichinasinthe. Ndipo munapatsidwa mphindi zisanu zowonjezera, munamwetsa mapointi angati? Awiri okha. Gemu inatha 67 kwa 62. Sabrina Ionescu wathu wa Liberty anaponya ka 19 n'kulowetsa kamodzi, Stewart nayenso tsikulo manja anali ozizira, koma munalephera kuwagonjetsa. Refa alakwa chiyani pamenepo?

Gemu yoyamba ija ya fayinoloyi Minnesota inabweza mapointi 18 n'kupambana 95 kwa 93 ife sitinalire. Yachitatu Ionescu anaponya wapatali uja kutatsala sekondi imodzi, 80 kwa 77, nyumba yonse ya ku Minneapolis kuti zii. Liberty yathuyi inaluzapo mafayinolo asanu, 1997, 1999, 2000, 2002 ndi chaka chatha, tisiyeni tisangalale.

Mayi a ku 25, dzina limene aliyense walidumpha apa ndi Jonquel Jones, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa fayinolo. Kwawo ndi ku Bahamas, dziko la anthu ochepa kuposa Lilongwe yathuyi. Pamene akuluakulu awiri aja amaphonya, iye ndi Nyara Sabally wa ku Germany, wochokera pa benchi, ndi amene anakoka ngolo.

Nesi wa Naiti

Ine mkangano wa refa sindilowerera. Ndingoti mwanayo muonetseninso atsikana a Nigeria, D'Tigress, pa Olimpiki ya ku Paris mu July ndi August, nthawi imene ligiyi inapumira. Anagonjetsa Australia, anagonjetsa Canada, n'kukhala timu yoyamba ya basketball ya mu Africa, ya amuna kapena akazi, kufika mu kotafayinolo ya Olimpiki. Kochi wawo Rena Wakama ndi mzimayi wachitsikana ndithu. Anatulutsidwa ndi America 88 kwa 74, America yomwe inali ndi Wilson, Stewart ndi Collier pamodzi, ndipo iyonso golide inachita kupulumukira pa pointi imodzi, 67 kwa 66 ndi France.

Mu WNBA momwemo magazi a kuno aliko. Arike Ogunbowale, amene anamwetsa mapointi 34 pa gemu ya All-Star osewera a mu ligi atakwapula timu ya Olimpiki ija, bambo ake ndi a ku Nigeria. Nneka Ogwumike makolo ake onse ndi a konko. Collier wanuyo bambo ake ndi a ku Sierra Leone. Ine mwana wanga wa Sitandade 7 ndinamuonetsa gemu ya Nigeria ndi Australia, anangoti amayi awa akuoneka ngati anti a ku Chinsapo.

Mlonda wa ku Kanengo

Chinanso amayi, musamawerengeretu madola. Clark ndi kutchuka konseko malipiro ake a ku timu chaka chino ndi pafupifupi 76,000 dollars, ndalama zake zambiri zimachokera ku makampani ngati Nike. N'chifukwa chake osewera ambiri ligi ikatha amakasewera ku Turkey, China kapena Australia. Ndi chaka chino chomwe ayamba kuyenda pa ndege zawozawo, kale amaima pa mzere pa bwalo la ndege ngati ine ndi inu. Sukulu asasiye mwanayo, onse tawatchulawa a ku America anadzera ku koleji.

GD Wakale wa ku 25

Zikomo nonse, ndamuwerengera mwini wake. Za Wilson wavomera monyinyirika, za mipira 223 akuti aphunzitsi ndi a nsanje. Koma dzulo ndinamupeza kuseri akuyeserera kutembenuka kwa Collier, ndipo phazi amalikoka. Ndinavula silipasi n'kumuonetsa mmene tinkapondera ife, bondo lomwe lija likulira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire June anandimvera osayankha.

Aphunzitsi a ku Kawale, ndamva kuti ring'i ya basketball imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, chimodzimodzi ya netibolo, ndi zoona? Ngati ndi choncho ndowa ija ili mmunsi kwambiri. Ndipo amene akudziwa wowotcherera zitsulo wosadula cha ku Nsungwi kuno andiuze, ndikufuna ring'i yeniyeni ndi kabolodi kake, ndowa yachiwiri ndilibe.

Aphunzitsi a ku Kawale

Ndi zoona achemwali, 3.05. Koma muwauze owotchererawo kuti m'mimba mwake ikhale masentimita 45, osati 38 ya netibolo, apo ayi mpira uzikakamira. Ndipo musaikhomere pa mango, ikapsa ana a eni ake azidzagenda bolodi.