Felt ikudontha mu loft koma matailosi ali bwinobwino

Phiri (Leicester): Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili pa nyumba ina ya m'ma 1960 kuno ku England. Eni ake akuti denga likudontha pamwamba pa chipinda chochapiramo zovala, siling'i yachita banga lachikasu pakona ndipo penti ikusupuka. Matailosi a padenga ndawayendera onse, palibe losweka. Koma mu loft (mpata wa pakati pa siling'i ndi denga) felt, chinsalu chija amayala pansi pa matailosi, yanyowa kunsi konse, madontho ali lendelende, ndangoikhudza madzi ayenderera mpaka pachigongono. Insulation, zija amayala pamwamba pa siling'i kuti kutentha kusathawe m'nyumba, anawaikira anthu ena chaka chatha. Mayi eni nyumbawa akufuna mtengo wokonzera denga lero lomwe.

Mbewe (Manchester): Musawatchulire mtengo wa denga, a Phiri. Sabata ino kwangozizira, mvula yeniyeni sinagwe. Madziwo akuchokera m'nyumba momwemo, ngati mmene malata amadonthera kwathu m'mawa wa mu June kunja kuli kouma. Kale kutentha kwa m'nyumba kunkathawira mu loft, felt siinkazizira kwenikweni. Pano insulation yakutsekereza, loft yazizira, ndiye nthunzi ikangofika pa felt ikusanduka madzi. Fufuzani kumene nthunziyo ikulowera. M'chipindamo muli chiyani?

Phiri: Makina ochapira, makina oumitsira, boiler (chotenthetsera madzi) pakhoma, ndi fani ya pasiling'i. Amayanikanso zovala momwemo.

Mbewe: Paipi ya faniyo ikutulukira kuti? Musakhulupirire kagrill kamene mukukaona kunja. Itsatireni ndi dzanja.

Phiri: Mwalasa. Ndafukula insulation ndaipeza, ndi ija yapulasitiki yopindika. Yachoka pa soffit (thabwa lotseka kunsi kwa mphepete mwa denga), kukamwa kwake kwangogona pa insulation. Pamene yagwera pakati pa mitanda pachita kathumba, ndainyamula mwatuluka madzi odzadza kapu. Insulation ya pamenepo yajejera.

Gondwe (Luton): Ine ndikanachotsako insulation ina kuti loft izipuma. Isanaikidwe vutoli kunalibe.

Mbewe: Ayi achimwene, pamenepo mungowawonjezera bilu ya gasi. Kuno mlingo wa kukhuthala kwa insulation ndi 270mm, 100 pakati pa mitanda ndi 170 yopingasa pamwamba. Insulation siinalakwe. A Phiri, zimitsani tochi muyang'ane m'mphepete mwa denga. Kukuwala?

Phiri: Kuli bii. Anaikankhira mpaka kukagunda felt, mbali zonse ziwiri.

Mbewe: Vuto lachiwiri ndi limenelo. Felt ya nyumba za zaka zimenezo ndi yaphula, situlutsa chinyezi ngati membrane ya masiku ano. Imadalira mphepo yolowera m'mphepete uku n'kutulukira uko. Kokerani insulation m'mbuyo, muike ma eaves tray, timapulasitiki tosiya njira ya mphepo, pakati pa mapaso kuti pakhale mpata wosachepera 25mm, koma insulation izifikabe pamwamba pa khoma, apo ayi m'makona a siling'i mudzachita nkhungu. Ngati soffit ilibe mabowo okwanira, lowetsani ma lap vent, timapulasitiki totsegula kampata ka mphepo, polumikizana felt, ndi otchipa ndipo safuna makwerero akunja.

Nachisale (Nottingham): Ndilankhuleko kumbali yanga ya magetsi. Paipi yopindikayo itayeni, muike yolimba yokutidwa ndi insulation, yaifupi, yopendekera kunja pang'ono kuti madzi asamabwerere ku fani. Onaninso mphamvu ya faniyo. Part F, gawo la malamulo a zomangamanga lokhudza mpweya wa m'nyumba, imafuna malita 30 pa sekondi m'chipinda chochapira, koma ambiri amangoikamo ya kubafa, komwe mlingo wake ndi 15. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawaya. Anthu amene amatseka mphepete chonchi sakhala kuti anasamala waya. Ngati pali waya wa shawa yamagetsi wokwiririka mu insulation, autulutse agone pamwamba, chifukwa amatentha ndipo alibe potayira kutenthako. Magetsi olowa mu siling'i afunika zivindikiro zake, mabowo amenewonso amalowetsa nthunzi. Kusintha waya musachite nokha, itanani wa mapepala ake.

Gondwe: Nanga spray foam, thovu lija amapopera n'kuuma, pansi pa felt? Ena akuitsatsa kwambiri.

Nachisale: Musayerekeze bambo. Imabisa matabwa, akamaola simuona, ndipo mabanki ambiri amavuta kupereka ngongole yogulira nyumba yotero. Mungawapalamulire mlandu mayiwa tsiku logulitsa.

Phiri: Waya wa shawa ulipodi, wakwiririka. Thanki yamadzi ozizira ilinso momwemo, mapaipi ake ali pamtunda osakutidwa.

Mbewe: Akutireni lero, mu loft yozizira chonchi January akhoza kuwaphulitsa. Thanki muiveke m'mbali ndi pamwamba, koma pansi pake musaikepo insulation, katenthedwe kochokera m'nyumba ndi kamene kamaletsa madzi kuundana. Muonenso ngati ili ndi chivindikiro chokwana bwino. Kachitseko kolowera mu loft mukaike rabala m'mbali ndi insulation kumsana. Boiler ndi flue yake (paipi yotulutsa utsi) musakhudze, imeneyo ndi ya a Gas Safe, amisiri ovomerezeka pa ntchito za gasi.

Nachisale: Siling'i yabangayo ndi yosalala kapena ya Artex, pulasitala ija yokongoletsera?

Phiri: Artex, ija yamizeremizere.

Nachisale: Ndiye musapale kapena kuboola musanayezetse. Asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo, analetsedwa kotheratu kuno mu 1999, Artex ya m'mbuyo mwa pamenepo imatha kukhala nayo. Zikatuluka bwino, dikirani iume, mupake stain block, penti yotchinga banga, kenako penti. Penti wamba banga limatulukiranso.

Phiri: Zikomo kwambiri akuluakulu. Mayiwa ndawaonetsa chithunzi cha paipi ija, amvetsa. Makina oumitsira ali ndi paipi yakeyake yotulukira pakhoma, imeneyo ili bwino. Mawa ndichotsa insulation yonyowa, nditsegula mphepete, ndiika paipi yatsopano ndi kukutira thanki. Ndawauza kuti akamayanika zovala aziyatsa fani n'kutseka chitseko. A Nachisale, mungafike ku Leicester Loweruka kudzaona waya ndi faniyo?

Nachisale: Ndifika m'ma 10. Nditumizireni chithunzi cha consumer unit (bokosi la maswichi a magetsi a nyumba yonse) ndi kachikwangwani ka pa shawa ndidziwiretu makilowati ake.